Kamtsamiro ka m'Buluku la a Tchenatchena

Pakona pamene maminibasi amakhotera ngati akuthawa moto pali sitolo ya zitsulo, ndipo pakhonde pa sitoloyo pankakhala telala amene msewu wonse unkamutchula kuti a Tchenatchena. Dzina la makolo anali nalo, koma linatsalira pachiphaso. Bambo amenewa ankatchena, anthu inu. Osati kutchena kwa ana a masiku ano kovala buluku lotsikira m'matako ayi. Iwo inali shati yoyera mbee, kolala chilili, tepi m'khosi, ndi buluku la mzere wakuthwa woti ntchentche ikaterapo n'kuduka miyendo. Nanga kayendedwe! Ankaponda mwendo wamanja mwamphamvu, wamanzere n'kumaubweretsa mwachifatse, ngati munthu woti dziko lonse limudikire. Anyamata a pamsewupo ankatengera kayendedweko, ati ndi sitayilo.

Amene ankadziwa kuti si sitayilo anali munthu mmodzi yekha, mkazi wawo. Iyeyu ankakhala pakhonde pomwepo, kumbuyo kwa makina, kusita zimene amuna ake asoka. Anthu anamupatsa dzina loti Nasimbi, chifukwa simbi ya makala sinkachoka m'manja mwake, komanso chifukwa pakamwa pake pankaotcha chimodzimodzi.

Mwendo wamanzere wa a Tchenatchena unauma ali mwana. Matenda anawagwira, n'kuwasiyira moyo koma n'kupita ndi mnofu wa mwendo umodzi. Kuchokera pabondo kufika pakakolo unali ngati mpini wa tsache. Wamanja, poti ndi umene unkapalasa makina wokhawokha zaka zonsezo, unali ndi katumba ngati wa wosewera mpira. Koma telala ndi telala basi. M'kati mwa buluku lililonse limene anali nalo, kumwendo wamanzere, anasokeramo kamtsamiro: tizidutswa ta nsalu tosanjikizana, thonje pakati, kodulidwa bwinobwino kuti kaoneke ngati katumba. Akavala, miyendo iwiri ndendende. Mphepo iombe bwanji, buluku silinkakupiza.

Mwendowo Nasimbi ankaudziwa, mkazi sabisidwa zimenezo. Koma kamtsamiroko anakatulukira pochapa, atangolowa m'banja. Anagwira chinthu chofewa m'buluku n'kukuwa kuti kalanga ine ndakwatiwa ndi munthu wa zithumwa. A Tchenatchena sanaseke. Anatseka chitseko n'kukhala pansi.

"Mayi, mwaona mwaona," anatero. "Kwathu ana anzanga ankanditchula kuti Kamwendo mpaka ndinasiya sukulu. Kuno palibe amene akulidziwa dzina limenelo. Chinthu ichi chithere m'nyumba muno. Tsiku limene mudzauze munthu, mudzakhala mwandikwirira."

Ndipo mkazi uja anasunga. Kusunga kwenikweni, osati kwa anthu ena oti chinsinsi chimawayabwa ngati chitedze. Mabuluku ankayanika m'nyumba, kuseri kwa chitseko, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mayi wina wogulitsa masamba atanena pamsika kuti telala uja ngati amatsimphina, Nasimbi anamulondola mpaka pabenchi pake simbi ili m'manja. "Bwerezanso ndimve! Amene amatsimphina ndi amuna ako pochoka kumowa!" Nkhani inafera pomwepo. Ana sanakhale nawo. Anali awiriwiri, makina ndi simbi, mpaka imvi zinawapeza pakhonde pomwepo.

Chaka chimene kunazizira kwambiri chija, a Tchenatchena anadwala chibayo. Mankhwala anamwa, chifuwa chinapepuka, koma mphamvu zinathawa. Anagona masabata angapo, bulangeti mpaka m'khosi. Nasimbi ankawauza kuti adzuke, aziyendako pang'ono panja.

"Ndituluke ndi kabudula, anthu a pamdadada aone?"

"Valani buluku."

"Ndilibe mphamvu yolimbana ndi buluku, mayi. Ndisiyeni."

Kukhonde anamutuma kuti akanene zoti apita kutali kukapikula nsalu. Kwa iwo kudwala kunali manyazi ngati mwendo womwe uja.

Tsiku limene anati tsopano adzuke, Nasimbi anali panja akukoleza makala. Anamva akumuitana ndi mawu amene sanawamvepo, mawu a mwana amene watola chinthu panjira.

"Mayi! Mayi, tabwerani mudzaone!"

Anawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, buluku litakakamira pabondo lamanzere. Silinkalowa. Mwendo wouma uja unali utadzaza, wonenepa, khungu lili nyezinyezi.

"Wabwera," anatero a Tchenatchena, maso ali ndi misozi. "Mwendo wanga wabwera. Unkangofuna kupuma basi."

Nasimbi anagwada n'kuugwira. Munthu wosita amadziwa kutentha. Wamanja unali wozizira bwinobwino, wamanzerewo unali ngati simbi yoti yangochoka pansalu. Atadinikiza, amuna ake anatsinzina n'kukukuta mano.

"Bambo, uku si kunenepa."

"Ndipatseni lezala."

Anaphwasula kamtsamiro kaja akuimba mluzu, ulusi umodziumodzi, n'kukaponya m'dengu la zinyalala. Nasimbi anakatola iwo atatembenuka, n'kukabisa pansi pa matiresi. Chifukwa chake sankachidziwa.

Zopita kuchipatala inali nkhondo. Anawanyengerera, anawalalatira, mpaka ananena kuti sasitanso shati yawo ngakhale imodzi. Apo ndi pamene anavomera. Anatchena ngati akupita kuukwati.

Chipatala chake chinali chaching'ono, cha mabenchi olimba ndi fungo la sipiriti. Dokotala anali mtsikana wamagalasi, wofatsa, wosapupuluma ngakhale panja mzere unali utazungulira mpanda. Anamvetsera, anagwira mwendo, n'kukoka mpando kukhala nawo pafupi.

"Bambo, mwendo ukatupa umodzi n'kumatentha chonchi, pali chinthu chimodzi chimene timachiopa kuposa zonse. Magazi amatha kuundana mumtsempha wam'kati, umene suoneka ndi maso. Akakhala pomwepo ndi ululu ndi kutupa. Koma kachidutswa kakathothoka kamayenda ndi magazi mpaka kumapapo, n'kukatseka njira. Makina ounikira mitsempha pano tilibe, ali kuchipatala chachikulu. Ndiye ndikufunsani mafunso, ndikupimani, kenako ndiphatikiza. Zizindikiro zikachuluka mupita lero lomwe. Zikachepa tiganizira zina. Koma mundiuze zoona zokhazokha, chifukwa ine ndiwerengera zimene mwandiuza."

"Funsani, mwana wanga. Kuyeza ndi ntchito yathu tonse."

"Munachitidwapo opaleshoni posachedwapa? Munapezekapo ndi khansa? Magazi anakuundanaponi kale?"

"Ayi, ayi, ayi." Pamenepo ananena zoona.

"Masiku apitawa mwagonapo pabedi nthawi yaitali osadzuka?"

"Ine? Kugona? Mayi awa ndi mboni. Ine ndimadzuka tambala asanatsuke m'kamwa."

Nasimbi anayang'ana pansi. Pasimenti panali mng'alu, anaulondola ndi maso mpaka kukhoma.

"Mwendo umenewu unafookapo? Kupuwala, kapena kuikidwa pulasitala?"

Kunja mwana wina ankalira jakisoni.

"Chibadwire sunafookepo," anatero a Tchenatchena.

Dokotala anawapempha kuti avule buluku aone mwendo wonse. Iwo anati zimenezo ayi, pamaso pa mwana wamkazi sizingatheke, apinda basi. Akanavula, ntchafu ikanaulula. Anapinda mbali zonse ziwiri mpaka m'mabondo. Aka kanali koyamba m'moyo wawo kuonetsa miyendo kwa munthu wachilendo, ndipo anaionetsa monyadira, ngati nsalu yatsopano patebulo.

Dokotala anadinikiza chala pamsongolo, panatsala kadzenje. "Ichi ndi chizindikiro chimodzi," anatero. Kenako anafinya kumbuyo kwa katumba, kutsatira mmene mtsempha umadutsa. Nasimbi anaona mtsempha wa m'khosi mwa amuna ake ukudzuka, dzanja likufinya chipewa mpaka kupindika.

"Pakupweteka?"

"Mukungondigirigisha, mwana wanga."

Ndiye panabwera tepi. Dokotala anayeza kutsika kuchokera pabondo, anaika kadontho ka cholembera, n'kuzunguliza tepi pakatumba. Anachitanso chimodzimodzi kumwendo winawo. Anati mwendo wa magazi oundana kawirikawiri umaposa unzake moonekeratu. Anayang'ana tepi, anabwerezanso kuyeza.

"Ndi yofanana."

"Tabwerezani mawu amenewo," anatero a Tchenatchena. "Mayi awa amve."

Apa Nasimbi anayang'anitsitsa miyendo ija. Yofanana! Miyendo imeneyi sinafananepo chiyambire. Kuti mpini wa tsache ufanane ndi katumba wa wosewera mpira, ndiye kuti watupa kufika pati? Tepi sinkanama, koma inkayeza bodza.

"Adokotala," anayamba, "mwendo uwu..."

"Mayi."

Liwu limodzi lokha. A Tchenatchena anacheuka n'kumuyang'ana. Akanamuyang'ana mwaukali bwenzi atanena, chifukwa Nasimbi ukali sunkamuopsa. Koma m'maso muja munalibe telala wotchena. Munali kamnyamata kothawa pasukulu anzake akukuwa pambuyo.

"...mwendo uwu anaumenyetsa pachitsulo cha makina," anamaliza Nasimbi.

Kachilonda kanalipodi pamsongolo, kakang'ono, kokandika ndi mwendo wa bedi. Dokotala anakayang'ana nthawi ndithu. Anati ngati ndi choncho zizindikiro ndi zochepa, zikuoneka kuti tizilombo talowera pakachilondapo n'kutupitsa khungu. Analemba mankhwala. Koma asanawatulutse anavula magalasi.

"Mtima wanga sunakhazikike kwenikweni. Mubwerenso mkuja ndidzaonenso. Ndipo mwendo ukawonjezera kutupa, kapena mukamva kubanika, kubaya pachifuwa, kutsokomola magazi, musaime pamzere. Mulowe mokankha chitseko."

Wina asabwere kudzanena kuti mtsikana uja analakwitsa. Anafunsa zonse, anayeza kawiri. Ngakhale telala wodziwa bwanji, mukamupatsa miyezo yabodza adzakusokerani chovala cha munthu wina.

Pobwerera a Tchenatchena anadutsira musitolo ya nsalu, anagula yabuluu wakuda, yolimba. Mawa lake anali pakhonde. Wosoka nsapato wa pambali pawo, mnzawo wa nthabwala, anawalandira ndi phokoso.

"Achimwene, mwabwera! Ulendo wonse uja nsalu yake ndi iyi yokha? Kapena munakapikula mkazi wachiwiri?"

"Wachiwiri wa chiyani, woyambayu akundikwana ndi kutsala."

"Iwe sokera nsapato zako," anatero Nasimbi, koma mawu ake analibe moto.

Anawaona akudula nsalu ija. Linali buluku lawo, miyendo iwiri yofanana, lopanda malo a kamtsamiro. Ankalisoka pakati pa ntchito za anthu, pang'onopang'ono, ngati akudya chinthu chokoma chimene safuna chithe. Ndipo m'mutu mwa Nasimbi mawu a dokotala sankachoka: ndiwerengera zimene mwandiuza. Anayamba kuphatikiza yekha akukupiza makala. Kugona, anagona. Kufooka, mwendo unafooka kalekale. Ululu unalipo. Tepi ija. Ndi chitsulo cha makina chimene iye mwini anachipeka ndi pakamwa pake.

Ataweruka, chitseko chitangotsekedwa, anaphulika.

"Bambo, tinanama! Mwendo wanuwu sunachire, watupa! Mwana uja akanakutumizani kokaunika!"

"Zaka zonsezi mwandiona ndi mwendo wonga ndodo, lero Mulungu wandikumbukira ndiye muchite nsanje?"

"Nsanje ya chiyani? Ine ndinakwatiwa ndi mwendo? Ndinaukana liti? Ndani ankauthira mafuta nthawi yozizira?"

"Kuchipatala chachikulu amavula anthu pagulu, mayi. Ana asukulu ya udokotala amabwera khumi kudzaonerera. Adzaitanizana kuti bwerani mudzaone."

"Aone! Aone mpaka maso atuluke! Mukufuna mufe ndi miyendo yofanana?"

A Tchenatchena anati, motsitsa, "Simunakhalepo Kamwendo inu."

Tsiku limene dokotala anati abwerenso linafika, iwo anati ntchito yachuluka. Dzuwa lili pamutu, Nasimbi anamva makina asiya kulira pakati pa msoko. A Tchenatchena sankaimitsa makina pakati pa msoko. Anali atagwira pachifuwa, akupuma mofupikitsa.

"N'chiyani?"

"Zotsalira za chibayo. Sitani, mayi."

Makina anayambanso. Fungo linamufika Nasimbi mochedwa: shati ya kasitomala inali itapsa, chizindikiro cha simbi chili bii pamsana. Chiyambire ntchito anali asanaotchepo chovala cha munthu. Anaika simbi pansi, anati akukagula makala, n'kuthamangira kunyumba. Anatukula matiresi, anatenga kamtsamiro kaja, n'kukakulunga m'nsalu.

Amene akufuna kumuweruza mayi ameneyu kuti anachedwa, ayambe wasunga chinsinsi cha munthu kuyambira utsikana mpaka imvi, kenako aone ngati chimatuluka m'kamwa mosavuta. Njira yonse ankalira, osadziwa ngati akupita kukapulumutsa amuna ake kapena kukawakwirira monga ananenera.

Pamzere sanaime. Mlonda atamugwira mkono anamukankha. "Ndisiye! Anati ndilowe mokankha!" Anafika patebulo la dokotala n'kumasula nsalu ija.

"Aka kamakhala m'buluku mwawo, kumanzere. Mwendo uja ndi wouma, adokotala, unauma ali mwana, ndi wochepa chonchi." Anapinda zala kusonyeza. "Anagona masabata ndi chibayo. Pamene munkafinya paja ankamva ululu. Za chitsulo cha makina ndinanama ndine. Ndipo lero agwira pachifuwa."

Dokotala anatenga kamtsamiroko, anakafinya kuona kukhuthala kwake. Sanakalipe. Nkhope yake inangosintha.

"Ndiye kuti mwendo uja watupa ndi mlingo wonse uwu. Zonse zija zinali inde. Ali kuti panopa?"

"Pamakina."

"Akupalasa?"

Sanadikire yankho. Anatuluka akuitana dalaivala, anatenga thumba lake, n'kumukokera Nasimbi m'galimoto.

Gulu analionera patali. Pakhonde anthu anali atazungulira, maminibasi ataima, wosoka nsapato akukupiza ndi katoni akukuwa kuti apatseni mpweya. A Tchenatchena anali pansi atatsamira khoma, ali wefuwefu, milomo itada, thukuta litanyowetsa kolala ija. Nasimbi anagwada. Ndi pamene anazindikira kuti kamtsamiro kali m'manja mwake poyera, nsalu yokulungira anaiiwala patebulo.

Maso a amuna ake anatera pamenepo.

"Mwanena?"

"Ndanena, bambo. Kwa dokotala yekha."

Anafunafuna mpweya, anaupeza pang'ono.

"Bisani."

Anakalowetsa m'bulauzi. Anthu ankayang'ana wodwala, palibe amene anaona. Anawanyamulira m'galimoto, dokotala akuwaika chopumira kumaso, akuuza dalaivala kuti asaime paliponse. Mutu wawo unali pamiyendo ya Nasimbi. Anamugwira chala chimodzi, chimene chinali ndi chipsera cha simbi, ndipo asanafike pageti la chipatala chachikulu dzanja lija linamasuka lokha.

Dokotala anayesetsa kuwatsitsimutsa mpaka manja anatopa. Pambuyo pake anakhala pansi pakhonde la chipatalacho, pafupi ndi Nasimbi, magalasi ali m'manja.

"Ndikananena tsiku lija," anafunsa Nasimbi, "akanachira?"

Mtsikana uja sanafune kunama, mabodza anali atakwana. "Tikanawaunika, tikanawayamba mankhwala oletsa magazi kuundana. Ambiri amachira, mayi. Sindinganene kuti onse."

Nasimbi anagwedeza mutu. Sanakuwe. Mkazi amene mawu ake ankamveka tsidya lina la msewu anangokhala duu, dzanja lili pachifuwa pamene panali kamtsamiro.

Buluku labuluu lija analipeza pamakina, singano ili chilowere pakati pa msoko wa mwendo wamanzere. Kupalasa makina sankadziwa. Anamaliza ndi manja, msoko wokhotakhota woti mwini wake akanauphwasula akung'ung'udza. Analisita mpaka mzere unathwa. Achibale aamuna atabwera kuti awaveke, anawaimitsa pakhomo. Anati anene zimene anene, buluku lokhalo awaveka yekha. Anatseka chitseko.

Amati ukabisa matenda maliro adzakuulula. Bodza. Awa maliro sanawaulule. Anthu anadutsa pabokosi akunena kuti koma bambowa atchena mpaka lero.

Makina anawaphimba ndi nsalu, ali pomwepo. Nasimbi akusitabe pakhonde paja, zovala zimene anthu amabweretsa kuchokera kunyumba zawo. Salalatanso kawirikawiri. Anyamata ena amadutsabe akuponda wamanja mwamphamvu, wamanzere mwachifatse, ndipo iye akawaona amaweramira makala n'kumauzira ngakhale ali oyaka kale.

Tsiku lina wosoka nsapato anasiya nyundo n'kumuyang'ana.

"Alamu, mundikhululukire. Anthu akuti chibayo, ena akuti mtima. Kwenikweni achimwene chinawatenga n'chiyani?"

"Mwendo," anatero Nasimbi.

"Mwendo? Uti? Munthu uja miyendo yake inali yabwinobwino yonse."

Nasimbi ananyamula simbi, anailavulira pang'ono kuti amve ngati yatentha. Inalira kuti tswee. Anayala shati ya munthu wina n'kuyamba ndi kolala.